Mwana Akufuna Kulowa “Sukulu ya M’kati mwa Sukulu”: Kodi Ndisaine Fomuyi?

Sabata yathayi ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Massachusetts, ku America. Andilola kuti ndiwayankhire pano, poti nkhaniyi si ya iwo okha. Mayina ndachotsa, kalatayo ndaifupikitsa:

“Mwana wanga wamkazi ali mu Grade 9. Wabwera ndi fomu yoti ndisaine. Akuti pasukulu pawo pomwepo pali kagulu kena kotchedwa alternative program, ka ana ochepa, kokhala ndi zipinda zakezake. Akuti kumeneko malamulo amapanga okha pochita kuvota, ndipo aphunzitsi amangowatchula mayina ngati anzawo. Iye akufuna alowe chaka chamawa. Bambo ake akanitsitsa, akuti sitinabwere kuno kudzasewera. Ine mtima uli pawiri. Mwanayu m’kalasi amakhoza, koma chibwerereni kuno zaka zitatu zapitazo anangoti zii, kusukulu sayankhula, mnzake weniweni alibe. Kodi zimenezi si za ana osokonekera? Nanga ku koleji adzamutenga?”

Amayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyamba ndi kuwaikira kumbuyo bambo a mwanayo, chifukwa mantha awo ali ndi pogwira. Mawu akuti alternative ku America amanyamula zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. M’madera ambiri, alternative school ndi kumene amatumiza mwana amene wachotsedwa sukulu chifukwa cha ndewu kapena chamba, kapena amene watsalira kwambiri moti sangamalize limodzi ndi anzake. Kumeneko mwana sasankha, amachita kutumizidwa. Ngati bambo anamva mawuwa kuntchito, kwa mnzawo amene mwana wake zinamuonekera, n’zosadabwitsa kuti fomuyo akuiona ngati chisamani.

Koma zimene mwafotokozazi ndi mtundu winawo, ndipo chizindikiro chake chili m’kalata yanu momwemo: mwana wabwera yekha ndi fomu, akuchita kupempha. Kokalangidwa munthu sadzazira fomu. Komabe safunsa anadya phula. Mawa lomwe imbirani mlangizi wa ana pasukulupo, uja amati guidance counselor, mumufunse mosapsatira kuti ana amalowa bwanji m’gulu limeneli, amasankha okha kapena amatumizidwa. Akakuuzani kuti amasankha okha, ndipo ena amatsala chifukwa malo ndi ochepa, ndiye kuti tikukamba chinthu chimodzi.

Chinthucho eni ake amachitchula kuti school within a school, sukulu ya m’kati mwa sukulu. Sekondale zambiri za kumeneko ndi zikuluzikulu, ana 1,500 kapena 2,000, ndipo belu likalira m’makonde mumangokhala ngati pa Wenela madzulo a Lachisanu. Mphunzitsi mmodzi amaona nkhope zoposa 100 pa tsiku. Mwana wofatsa amasowa mmenemo ngati singano mu udzu. Ndiye m’kati mwa chipwirikiti chimenecho amapatula ana 80 kapena 120, aphunzitsi anayi kapena asanu, ndi zipinda zingapo kumapeto kwa khonde. Anawa akadali a sukulu yaikuluyo. Mpira amasewera timu yomweyo, masamu ndi sayansi nthawi zambiri amakaphunzira ndi anzawo onse, ndipo dipuloma imene adzalandire pomaliza Grade 12 ndi yomweyo, dzina la sukulu lomwelo. Ngati sukuluyo ndi yaboma, palibenso fizi yapadera.

Kufupi ndi kwanuko, ku Brookline High School, m’mphepete mwa Boston, kuli pulogalamu yotere imene yakhalapo zaka zoposa 50. Imatenga ana pafupifupi 120 a Grade 10 mpaka 12, ndipo sabata iliyonse amakhala ndi msonkhano wa onse umene amautchula kuti Town Meeting. Ofuna kulowa amachuluka kuposa malo, moti amachita maere. Ku Scarsdale, kumpoto kwa mzinda wa New York, kuli ina imene inayamba mu 1972, ya ana pafupifupi 80, ndipo mwezi wa Januwale ana ake amatuluka kukaphunzira ntchito kwa anthu enieni, wina kuchipatala, wina ku ofesi ya maloya, wina kwa wojambula zithunzi. Scarsdale ndaitchula dala. Ndi dera la anthu a ndalama zawo, amene ana awo amalimbirana mayunivesite apamwamba. Makolo a kumeneko si oti angalole mwana kusewera ndi tsogolo lake kwa zaka zitatu.

Tsono chimasintha n’chiyani mwana akalowa m’gulu lotere? Ine mmene ndaonera, si kuchuluka kwa ntchito. Chimasintha n’chakuti mwanayo amayankha kwa ndani.

Inu ndi ine tinaphunzira sukulu ya manotsi. Asala kulemba pabolodi, ife kukopera, kuloweza, n’kukakhuthula pa pepala la MANEB. Sindikunyoza ayi. Ndinaphunzitsa Biology zaka 9 pa CDSS ina, ana 90 m’kalasi, mabuku asanu, choko chochita kubisa m’thumba. Ku maphunziro a SMASSE, osula aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ankatiuza kuti mwana azichita yekha, azifunsa, aziyesa, ife n’kumagwedeza mitu, Lolemba n’kubwerera ku manotsi chifukwa silabasi sinkadikira munthu. Pasukulu yotero mwana wochedwa amapatsidwa chibalo: atchetche, akolope, akumbe dzenje. Akamaliza, nkhani yatha. Palibe amamufunsa chifukwa chake, iyenso sanena kanthu. Ndipo mwana wofatsa, wokhoza, amatha zaka zinayi osatsegula pakamwa, n’kutuluka ndi mapointi 14, mudzi wonse n’kumuyamikira kuti ndi mwana wa khalidwe. Wanuyu, mmene mwamufotokozeramu, akuyenda njira yomweyo. Vuto ndi lakuti akuiyenda ku America, kumene kukhala chete kulibe mphotho ngati kwathu. Kumeneko wosayankhula amangoiwalika, kusukulu, ku koleji, mpaka kuntchito.

Munthu amene analimbikitsa kwambiri zoti ana azidzilamulira m’magulu otere anali Lawrence Kohlberg, pulofesa wa ku Harvard amene ankafufuza mmene ana amakulira pa nkhani yosiyanitsa chabwino ndi choipa. Maganizo ake anali akuti chilungamo sungachiphunzitse ngati mmene uphunzitsira mayina a mitsinje. Mwana amachigwira akamaweruza nawo nkhani zenizeni zomukhudza. Mu 1974 anathandiza kuyambitsa kagulu kotchedwa Cluster School m’kati mwa sekondale yaboma ya ku Cambridge, komweko ku Massachusetts. Lamulo lake lalikulu linali lakuti munthu mmodzi, voti imodzi, kaya ndi mwana kaya ndi mphunzitsi. Pali nkhani ya kumeneko imene imasimbidwa kawirikawiri. Mtsikana wina anaberedwa madola 9 m’chikwama, wakuba osadziwika. Pasukulu wamba nkhaniyo ikanathera pa mawu akuti uzisamala katundu wako. Iwo anaitengera ku msonkhano. Ena ankati ndilipirenji ndalama imene sindinabe, ena ankati ngati tikudzitcha gulu limodzi ndiye kuti vutoli ndi la tonse, poti tonse tinalekerera. Pomaliza anavota kuti ndalamayo ikapanda kubwezedwa pofika tsiku limene anagwirizana, aliyense asonkhe masenti 15. Ana a zaka 15, 16, kudziikira okha msonkho pa mlandu wa munthu wina. Cluster School sinakhalitse, inatha patapita zaka zochepa, koma njira yake anaitengera ku Scarsdale kuja chakumapeto kwa zaka za m’ma 1970, ndipo kumeneko kuli komiti ya ana ndi aphunzitsi yomva milandu ya ophwanya malamulo.

Nditangoiwerenga nkhaniyi ndinaseka ndekha, chifukwa ife zimenezi si zachilendo. Ndi bwalo limeneli. Ndi chipepeso chosonkha mudzi wonse. Kusiyana kwake n’kwakuti pabwalo la kwathu mwana amakhala kumbuyo, ndipo akangotsegula pakamwa azakhali amamutsina.

Chaka china mnzanga amene amaphunzitsa m’gulu lotere anandiitana kuti ndikaonerere msonkhano wawo. Ndinapita nditavala jekete, poganiza kuti ndikupita ku asembule. Ndinapeza ana ali khale pansi pa kapeti, ena pa masofa othaitha, wina akudya nthochi. Wotsogolera anali mtsikana wochepa thupi, atagwira pepala lolembapo mayina a oimika manja. Nkhani inali ya kujomba: mwana ajombe kangati kuti aitanidwe ku komiti. Mphunzitsi wina, imvi zili mbuu, anaimika dzanja. Mtsikana uja anangomuyang’ana, n’kulemba dzina lake pamzere, n’kuloza mwana wina. Bambo aja anadikira, ana asanu akuyankhula iwo asanafikiridwe. Ine pampando paja thukuta lili kamukamu, ngati ndine ndalakwa. Atapatsidwa mpata anati lamulo lisakhwime kwambiri, ana ena ali ndi mavuto kunyumba, ena amalera abale awo m’mawa. Mnyamata wina anayankha kuti n’zoona, koma munthu akajomba tsiku limene gulu lake likufotokoza ntchito, otsalawo ndi amene amavutika, ndipo ngati ali ndi vuto abwere adzanene ku komiti, ndiyo ntchito yake. Anavota. Mphunzitsi uja analuza. Anawo anasankha lamulo lokhwima kuposa limene mphunzitsi wawo ankafuna.

Apa ndi pamene ndikanakonda bambo a mwana amvetsere. Ana akapatsidwa mphamvu zenizeni, si nthawi zonse pamene amafewetsa zinthu. Kawirikawiri amakhwimitsa, mpaka akuluakulu kuchita kuwagwira dzanja. Mnzanga uja anandifotokozera mmene komiti imayendera: wojomba amakhala pamaso pa anzake angapo ndi mphunzitsi mmodzi, n’kufotokoza kumene anali Lachiwiri ndi Lachinayi. Mphunzitsi ungamunamize kuti mutu unkawawa. Mnzako amene anakuona ku McDonald’s ungamunamize bwanji? Anyamata anga ndinkawapatsa chibalo aja akanasankha kuzula chitsa kawiri kusiyana n’kukhala pampando umenewo.

M’kalasi namo zinthu zimayenda mosiyana. M’mapulogalamu ambiri otere ana amakhala mozungulira, a magiredi osiyana pamodzi, ndipo amakhala ndi mawu pa mabuku oti awerenge komanso mitu yoti aphunzire teremu yotsatira. Amalemba kwambiri, ndipo nthawi zambiri zimene walemba umawerenga mokweza anzako akumva, iwo n’kukuuza pamene pawagwira mtima ndi pamene sanamve. Pobisala palibe. M’kalasi ya ana 30 yoyang’ana kubolodi ungathe kukhala kumbuyo osawerenga buku, tsiku n’kutha. Pabwalo la anthu 15 aliyense amadziwa kuti lero sunawerenge.

Pali ena amene anapita nazo patali kuposa pamenepa. Mu 2010, ku Monument Mountain Regional High School, ku Great Barrington, kumadzulo kwa Massachusetts, mwana wa sukulu dzina lake Sam Levin anapempha akuluakulu kuti ana ochepa aloledwe kudziyendetsera maphunziro kwa theka la chaka. Analoledwa, ndipo anayamba ana 8, ena okhoza kwambiri, ena otsala pang’ono kusiya sukulu. Lolemba aliyense ankasankha funso lake, sabata yonse n’kulifufuza, Lachisanu n’kuphunzitsa anzake zimene wapeza. Pambali pa izo aliyense anali ndi ntchito yake yaikulu, monga kulemba buku kapena kuphunzira kuimba chida. Anaitcha Independent Project. Imeneyo ndiye ili kumapeto kwenikweni, ndipo ine ngati kholo ndikanafunsa mafunso ambiri ndisanasaine, makamaka pa masamu. Zimene mwana wanu akufotokoza zikumveka kuti ndi za mtundu wa Brookline kapena Scarsdale, kumene maphunziro wamba akuyendabe.

Zoti mwana azikonza yekha nthawi yake si za dzulo kapena dzana ayi. Mu 1920 Helen Parkhurst anayesa njira yake pa sekondale ya m’tauni ya Dalton, ku Massachusetts komweko: mwana amapatsidwa ntchito ya mwezi wonse, iye n’kumasankha kuti ayamba ndi iti. Mpaka lero ku Netherlands kuli sukulu zambiri zotchedwa Dalton. Magulu a m’kati mwa sukuluwa anaphuka ngati bowa chakumapeto kwa zaka za m’ma 1960 ndi m’ma 1970, ndipo ambiri anafota msanga. Amene alipo mpaka pano ndi amene anaphunzira kusunga mwambo.

Tsopano za koleji, poti ndikudziwa kuti m’pamene pagona mtima wa bambo. Ife tinazolowera kuti tsogolo la munthu limagamulidwa m’masabata ochepa a MSCE: maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, aphatikize mapointi, basi. Ku America kulibe mayeso amodzi otero. Grade 9 mpaka 12, zaka zomwe kwathu ndi Fomu 1 mpaka Fomu 4, zonse zimalowa pa pepala limodzi lotchedwa transcript, losonyeza phunziro lililonse limene mwana anatenga ndi giredi yake. Makoleji amaona pepalalo, amaona ngati anatenga maphunziro ovuta monga a AP, amene ndi a mlingo wa ku koleji, ena amafuna zotsatira za mayeso olowera ku koleji otchedwa SAT kapena ACT. Koma makoleji ovuta kulowa amafunanso zinthu ziwiri zimene ife sitinakule nazo: nkhani imene mwana walemba yonena za iye mwini, ndi makalata a aphunzitsi omuchitira umboni. Taganizani, Amayi. Mphunzitsi amene wamuona mwana wanu chaka chimodzi, pakati pa ana 120, mwanayo osayankhulako, adzalemba chiyani? Adzalemba kuti ndi wofatsa, amapereka homuweki nthawi yake. Makalata otero amafika mazanamazana. Mphunzitsi amene wakhala naye zaka zitatu, wamuona akutsogolera msonkhano, akuluza voti n’kubweranso sabata yotsatira ndi mfundo ina, ali ndi zoti anene. Pamenepa gulu laling’ono limamuthandiza mwana, silimupweteka.

Chofunika kufunsa n’chakuti magiredi amaperekedwa bwanji. Mapulogalamu ena amapereka A, B, C monga sukulu yonse. Ena amawonjezerapo ndemanga zolembedwa ndi mphunzitsi. Ena ochepa amangolemba kuti wakhoza kapena walephera. Makoleji a ku America zimenezi anazizolowera, koma ngati muli ndi maganizo akuti mwanayu adzaphunzire ku Britain, ku South Africa, kapena adzabwerere kumudzi, kumeneko adzafuna magiredi ooneka ndi maso oti awayerekeze ndi awo. Funsani kuti muone transcript ya mwana wa m’gululo, dzina atafufuta. Funsaninso ngati nthawi ya makalasi a gululo siwombana ndi Chemistry kapena masamu apamwamba, chifukwa mwana wofuna udokotala kapena unjiniya sangazisiye zimenezo.

Mwina mungafunse ngati pali umboni woti ana ophunzira mwa njira zotere amakachita bwino. Kafukufuku wotchuka kwambiri ndi wakale. M’zaka za m’ma 1930 sekondale pafupifupi 30 za ku America zinaloledwa kusiya ndondomeko imene makoleji ankafuna, n’kumaphunzitsa mmene zikuonera, makoleji ambiri atavomera kulandira ana awo. Kenako ofufuza anatenga ana 1,475 a m’sukuluzi, aliyense n’kumuyerekeza ndi mnzake wofanana naye wochokera ku sukulu wamba, n’kuwatsatira ku koleji. Zotsatira zinatuluka mu 1942, ndipo amazitchula kuti Eight-Year Study. Ana a sukulu zoyeserazo anaposa anzawo pang’ono pa magiredi, ndipo a sukulu zimene zinasintha kwambiri ndi amene anachita bwino koposa. Koma ndisakunamizeni. Zambiri mwa sukuluzo zinali za ana a anthu opeza bwino, ndipo nthawi imeneyo ndi ya agogo athu. Ngakhale lero, mukamva kuti ana a gulu lakutilakuti onse amapita ku koleji, kumbukirani kuti anawo anadzisankha okha. Mwana amene amadzaza fomu yopempha udindo ndi mwana woti mwina akanachita bwino kulikonse. Chimene ndinganene molimba mtima n’chakuti gulu lotere silitseka khomo la koleji. Zoti limachita kutsegula makomo onse, zimenezo ndi za otsatsa malonda.

Zoipa zake nazonso zilipo, ndipo ena amene amalemba za mapulogalamuwa amazilumpha ngati chithaphwi.

Misonkhano ija imatopetsa. Nkhani ya yemwe sanatsuke kapu ingathe kudya ola lathunthu. Choopsa kwambiri kwa mwana ngati wanu n’chakuti pamene aliyense ali ndi ufulu woyankhula, amene amayankhula ndi omwe aja anabadwa ndi pakamwa. Ana anayi kapena asanu olimba mtima, Chingerezi chili kumphuno, angathe kulanda bwalo lonse, wofatsa n’kukhalabe zii, kungoti tsopano ali pa sofa m’malo mwa desiki. Gulu labwino limadziwa vutoli ndipo limakonza njira: timagulu ting’onoting’ono ta ana 10 kapena 15 ndi mphunzitsi mmodzi wowayang’anira, utsogoleri wa msonkhano wosinthanasinthana, lamulo lakuti amene sanayankhulepo ndiye ayambe. Gulu lofooka limangonyadira kuti kuno n’kwa ufulu.

China chimene sindingachibise: m’madera ena magulu amenewa amadzaza ndi ana a azungu opeza bwino, ofanana kavalidwe, nyimbo ndi maganizo. Mtsikana wakuda, wobadwira ku Malawi, wa katchulidwe kakekake, angathe kupezeka ali yekha pakati pa anthu amene amadziona kuti ndi omasuka kwambiri koma sanakhalepo ndi mnzawo ngati iye. M’sukulu yaikulu kusungulumwa kumabisika. M’gulu la ana 80 kumaonekera poyera, ndipo kumawawa kuposa. Zimenezi simungazidziwe powerenga kapepala kotsatsa. Chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere. Muyenera kukaubenthula nokha.

Palinso zoti gulu lonse limatsamira pa aphunzitsi awiri kapena atatu. Mmodzi akapuma pantchito, wina akasamuka, dzina limatsala koma mzimu wapita. Ndipo ndalama zikachepa ku ofesi ya zamaphunziro, mapulogalamu ang’onoang’ono ndi amene amayamba kuyang’anidwa. Funsani kuti aphunzitsi alipowo akhalapo zaka zingati.

Chomaliza ndi mwana mwini wake. Walira mvula walira matope. Pali ana amene amafuna mpanda, amafuna munthu wowauza kuti tsamba 40 mpaka 55, Lachitatu. Mukawachotsera mpandawo amangoyendayenda, ntchito ya masabata atatu n’kuiyamba usiku womaliza. Mwana wotero si woipa, kungoti nthawi yake sinakwane. Inu ndi amene mukumudziwa wanuyu. Mukapita ku shifiti ya usiku, homuweki amalemba yekha kapena amadikira kuti mumukumbutse pa foni? Akalonjeza kuti aphika, mumapeza nsima kapena nkhani? Mayankho a mafunso amenewo akuuzani zambiri kuposa ine.

Nanga zotchula aphunzitsi mayina? Ndivomere, ngakhale ine zimandilasa m’khutu mpaka lero. Ndinakula ndikudziwa kuti dzina la munthu wamkulu silitchulidwa wambawamba, ndipo ana anga a Fomu 4 akanati anditchule dzina, ndikanaganiza kuti dziko latha. Koma tsiku lija ndinaona chinthu china. Mphunzitsi wa imvi uja atayamba kuyankhula, chipinda chonse chinati duu. Palibe anagwira foni, palibe ananong’oneza mnzake. Anamumvetsera mpaka kumapeto, anamuyankha mfundo ndi mfundo, kenako anamugonjetsa pa voti. Ine ndinaphunzitsapo ana ondigwadira pondipatsa kope, ine ndikangotembenuka n’kumandijambula pa desiki ndili ndi makutu a kalulu. Sindikunena kuti ulemu wathu ndi wachabe, ayi. Ndikungoti mwana wanu akhoza kusenza zonse ziwiri. Ana athu a kunjaku amadziwa kale kusintha akafika pakhomo: kusukulu hi, kunyumba mwaswera bwanji. Dzina la mphunzitsi silidzamuiwalitsa kuti atsibweni ake ndi atsibweni. Chimene chingasinthe n’chakuti adzayamba kufunsa zifukwa. Mukati sapita kokacheza Loweruka, adzafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo adzabwera ndi mfundo zitatu. Bambo akonzekere zimenezo. Koma kunena zoona, pa zaka 16 akanayamba ndithu, gulu kapena popanda gulu.

Ndiye mwandifunsa maganizo anga, ndipo sindizemba. Mwana wokhoza kale, amene wakhala chete zaka zitatu, lero wadzuka yekha n’kukatenga fomu, n’kulimba mtima kuibweretsa kwa bambo amene akudziwa kuti akana: ine ndikuona kuti chimenecho n’chinthu choyamba chimene wapempha dziko limenelo. Ndikanakhala ine ndikanasaina, nditaonetsetsa za magiredi ndi za sayansi zija. Ndikanagwirizananso naye poyera kuti tiona chaka chimodzi, ndipo magiredi akatsika kapena akapezeka kuti akusungulumwa kuposa kale, abwerera ku makalasi wamba popanda wina kunena kuti ndinakuuza. Kubwerera n’kotheka chifukwa sukulu ndi yomweyo, koma funsani mlangizi uja kuti zimayenda bwanji pakati pa chaka.

Musanasaine, mufunseni mwanayo funso limodzi, muli awiri kukhitchini, bambo kulibe: ndani wakuuza za gululi? Akatchula mwana wina amene ali kale mmenemo, amene anamuitana kukadya naye nkhomaliro, ndiye kuti wapeza kale khomo. Akati anangoona chikwangwani, mufunseni chimene akuthawa ku makalasi amene ali panopa, chifukwa mwina pali nkhani ina imene simunaimve.

Kenako pemphani kuti mukaonerere msonkhano wawo umodzi. Magulu ambiri amalola alendo mukapempha. Sinthanani shifiti ndi mnzanu, ndipo bambo muwatenge, ngakhale anyinyirike njira yonse. Mukakhala pansi musatanganidwe ndi masofa kapena tsitsi lobiriwira. Werengani kuti ayankhula ana angati, ndipo ngati ndi omwewomwewo. Onani ngati alipo wofanana ndi mwana wanu, ndipo ngati akayankhula anzake amamumvetsera. Onani chimene chimachitika wina akanena zosemphana ndi gulu lonse. Paja kumbukiraninso kuti ngati amachita maere, kusaina sikutanthauza kuti walowa, choncho mkangano wa kunyumbawu usafike posiyana mbale pa malo amene mwina sawapeza n’komwe.

Mukabwerako mundilembere. Ndikufuna kumva kuti bambo anapanga nkhope yotani pamene mphunzitsi anaimika dzanja n’kumadikira.